Kufunsa anthu ochepa si kupeka: za kalembera ndi kafukufuku

Wailesi ikalengeza kuti kafukufuku wapeza zakutizakuti zokhudza Amalawi, ambiri amadzuma n'kufunsa kuti, "Nanga ine anandifunsa liti?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ana amene ndimawaphunzitsa masamu kuno ku Mzuzu amalifunsanso. Kwa ine, mwana amene wamaliza Fomu 4 asakutha kuliyankha ndiye kuti phunziro la ziwerengero lamupita padera, ngakhale mayeso atakhoza.

Kalembera savuta kumumva. Ndi kuwerenga munthu wina aliyense, khomo ndi khomo, osasiya khanda kapena agogo amene satulukanso m'nyumba. Chilandirireni ufulu, dziko lathu lachita kalembera mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, ndipo ntchitoyi imayendetsedwa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba. Mu 1966 tinali anthu ongopitirira pang'ono 4 miliyoni. Mu 2018 anatipeza tili 17,563,749, ndipo mu mzinda wa Mzuzu munali anthu opitirira 220,000.

Koma ntchito yofika mudzi uliwonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndi pa chilumba cha Likoma pomwe, imadya ndalama zambiri ndipo imafuna alembi zikwizikwi. N'chifukwa chake imachitika patapita zaka pafupifupi 10, ndipo mafunso ake amakhala afupiafupi. Mlembi wa kalembera sangakhale pakhomo panu tsiku lonse akuyeza ana pa sikelo kapena kufunsa zimene mwadya sabata yonse.

Apa ndi pamene pamalowera kafukufuku wofunsa anthu osankhidwa. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anafika m'makomo opitirira 26,000, osati mamiliyoni. Poti makomowo anali ochepa, panali mpata woyeza ana msinkhu ndi kulemera kwawo, ngakhalenso kuyeza magazi. Zimene timamva za kukwinimbira kwa ana m'dziko muno zimachokera ku ntchito ngati imeneyi.

Tsono mtima wa phunziro lonseli uli pa kasankhidwe ka makomowo. Wogula thumba la chimanga mu msika wa Mzuzu sakhutula thumba lonse kuti aone ngati muli anankafumbwe, komanso sakhulupirira chapamwamba chimene wogulitsa wakonza. Amapisa dzanja pakati, apisenso cham'mbali. Akatswiri nawo amagawa dziko lonse m'timadera ting'onoting'ono potengera mapu ndi ziwerengero za kalembera, n'kusankha timadera tina mwamaere. Akafika m'kadera kosankhidwa amalemba nyumba zonse, n'kuchitanso maere. Ndiye yankho kwa uja wofunsa kuti anandifunsa liti ndi lakuti: nyumba yanu inali nawo m'maere, kungoti siinagwere. Onaninso kuti popanda kalembera wabwino maerewo alibe poyambira. Ziwirizi sizipikisana, zimadalirana.

Ana ambiri amaganiza kuti chachikulu ndi kuchuluka kwa ofunsidwa. Ndimawauza nkhani ya ku America ya mu 1936. Magazini ya Literary Digest inalandira mayankho opitirira 2 miliyoni pa chisankho cha pulezidenti, n'kulengeza kuti Alf Landon apambana. Anapambana ndi Franklin Roosevelt, ndiponso ndi mavoti ochuluka zedi. Katswiri wa kafukufuku George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi magaziniyo, analosera molondola. Magazini ija inatenga mayina ambiri m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, pa nthawi imene osauka ambiri analibe zinthu zimenezi, komanso inangodalira okhawo amene anafuna kubweza yankho.

Zimenezi sizilowa m'mutu pongolemba pa bolodi. Aphunzitsi anzanga, tulutsani ana panja. Funso likhale losavuta: mumayenda mphindi zingati kuchokera kunyumba kufika kusukulu? Poyamba funsani kalasi yonse n'kupeza avereji. Ameneyo ndiye kalembera wanu. Kenaka lembani mayina onse pa timapepala, muike m'katoni, musakanize bwino, gulu lililonse litole mayina 10 n'kupeza avereji yake. Magulu adzapeza mayankho osiyana, ndipo apa ana amayamba kukangana kuti walakwa ndani. Palibe walakwa. Mayankhowo amazungulira pafupi ndi yankho lenileni, ena pamwamba ena pansi, ndipo mukawonjezera mayina otoledwa amayandikirana. Pomaliza, tumani gulu lina lifunse anzawo 10 okhala nawo dera limodzi, kaya ndi ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo. Yankho lawo lidzapendekera mbali imodzi, ndipo ngakhale atawonjezera anzawo ena 20 a komweko silidzawongoka. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake saiwala.

Kusiyana kobwera ndi maere kumawerengeka, ndipo uku ndiye kukongola kwa masamu amenewa. Mukafunsa anthu 1,000 osankhidwa mwamaere funso la inde kapena ayi, nthawi 95 pa 100 zilizonse yankho lanu silidzaphonya zoona ndi maperesenti opitirira 3 kapena cha pomwepo. Kuti kuphonyako kuchepe ndi theka, ofunsidwa ayenera kuchuluka kanayi. Chodabwitsa n'chakuti kukula kwa dziko sikusintha kwenikweni masamuwa: anthu 1,000 osankhidwa bwino amagwira ntchito ku Malawi ngati mmene angagwirire ku dziko la anthu ochuluka kakhumi.

Pali zolakwika zina zimene maere sangakonze, ndipo zimagwira kalembera yemwe. Kuno ku Mzuzu anthu amalankhula Chitumbuka, Chichewa, Chitonga ndi zinenero zina, ndiye funso losamasuliridwa bwino limabala yankho la funso lina. Wofufuza woyenda m'mawa wokha amapeza okhala pakhomo, n'kuphonya amayi amene alawirira ku geni. Mavoti a pa Facebook ndi oimba foni pa wailesi ali ndi nthenda ya magazini ija: amayankha ndi okhawo ali ndi foni, mayunitsi ndi chidwi. Ndimafuna mwana wanga wa m'kalasi akamva chiwerengero chilichonse azifunsa kuti anafunsidwa ndani, anasankhidwa bwanji, ndipo amene anakana kuyankha ndi angati.

Kukana kumeneku kumandidetsa nkhawa. Pa kafukufuku wa dziko lonse, nyumba imodzi yosankhidwa imaimira nyumba zina zambirimbiri zofanana nayo. Mukatseka chitseko, wofufuza saloledwa kungolowa kwa aneba m'malo mwanu, pakuti aneba sanagwere m'maere. Ndiye akabwera ndi chiphaso chawo, mwachiona n'kukhutira, apatseni mpando ndipo muwayankhe zoona, ngakhale funsolo likhale la chimbudzi kapena la chakudya chimene chasowa pakhomo.