Khungu Si Chophimba Thupi Chabe

Anthu ambiri amaganiza kuti khungu ndi chophimba thupi chabe, ndipo kuti nkhondo yolimbana ndi matenda imachitikira m'magazi mokha. Maganizo amenewa ndi olakwika, ngakhale kuti akatswiri nawonso anasokonezeka kwa zaka pafupifupi 100.

Mu 1868, Paul Langerhans, yemwe panthawiyo ankaphunzira zaudokotala ku Berlin, anapeza maselo okhala ndi nthambi m'chigawo chapamwamba cha khungu. Poona maonekedwe awo, iye anaganiza kuti ndi mbali ya mitsempha yotumiza mauthenga ku ubongo, ndipo ntchito yawo yeniyeni inakhala yosadziwika kwa nthawi yaitali.

Mmodzi mwa amene anawongola nkhaniyi ndi Stephen Katz, dokotala wa matenda a khungu ku National Institutes of Health, bungwe la boma lofufuza za umoyo ku America. Mu 1978, iye ndi Georg Stingl pamodzi ndi anzawo anasonyeza kuti maselowa amatola tizidutswa ta zinthu zachilendo zolowa pakhungu n'kukationetsa kwa maselo oteteza thupi otchedwa T, omwe amayamba kulimbana nazo. Mu 1979, kafukufuku wa Katz pa mbewa anasonyeza kuti maselowa angachokere m'mafuta a m'mafupa, komwenso kumapangidwa maselo a magazi. Umenewu unali umboni wamphamvu wakuti si a mitsempha.

N'chifukwa chake zidzolo zimene ena amatuluka akavala ndolo zokhala ndi chitsulo cha nickel sizibwera chifukwa cha uve, ndiponso sizipatsirana: chitetezo cha thupi chimakhala chikulimbana ndi chinthu chosaopsa. Katz anatsogolera bungwe la NIAMS, nthambi ya National Institutes of Health yofufuza matenda a nyamakazi, mafupa, minofu ndi khungu, kuyambira mu 1995 mpaka pamene anamwalira mu 2018.