Nambala ya kamera yakale isakupusitseni

Mwezi wathawu bambo ena ochokera ku Lizulu anandipeza kuntchito kwanga pa Dedza boma atanyamula kamera yonyezimira ngati golide, pamwamba pake palembedwa Leica, dzina la makamera otchuka a ku Germany. Anati, "Achimwene, iyi ndi ya malemu agogo. Ingagulidwe ndalama zingati?" Anali atamva za Leica ina ya mu 1923 imene inagulitsidwa mayuro 14.4 miliyoni mu 2022.

Ife okonza makamera a filimu timayambira pa nambala imene fakitale imazokota pachitsulo. Manambala a Leica amadziwika ndi zaka zake. Leica M3 inatuluka mu 1954 ndipo manambala ake anayambira pa 700000, ndiye mukaona M3 ya nambala 400000 musavutike n'kufunsa mtengo. Kampani ya Hasselblad inabisa chaka m'mawu akuti VHPICTURES: V ndi 1, H ndi 2, mpaka S amene ndi 0. Zilembo UR zikutanthauza 1978. Kodak nayo inkachita chimodzimodzi ndi mawu akuti CAMEROSITY. Koma Nikon F imasokoneza ambiri. Inatuluka mu 1959, nambala yake yoyamba n'kukhala 6400001, ndipo 64 ameneyo si chaka ayi.

Vuto ndi lakuti nambala aliyense wodziwa kuzokota akhoza kuilemba. Ku Soviet Union ankapanga makamera otengera Leica, a FED ku Kharkiv kuyambira mu 1934, kenako a Zorki ku Krasnogorsk. Akamberembere amatenga makamerawa n'kupala dzina lenileni, kupukuta mpaka chitsulo chachikasu cha mkati chionekere, n'kulembapo Leica ndi nambala yooneka bwinobwino. Ena amawonjezera chiwombankhanga cha asilikali a ku Germany kuti wogula atengeke mtima.

N'chifukwa chake ine ndimamasula lenzi n'kusuzumira m'kati. Chakumtunda kuli kachitsulo kamene kamakhudza kumbuyo kwa lenzi poyeza mtunda wokafika pa chojambulidwacho. Mu Leica kamakhala kozungulira ngati kagudumu, pomwe mu FED ndi Zorki n'kosongoka. Kameneka achinyengo ambiri sakasintha.

Ka bambo aja kanali kosongoka. Ndinawauza kuti, "Bambo, iyi ndi ya ku Soviet Union, koma ikhoza kujambulabe." Lenzi yokha ndiyo inali itachita nkhungu, monga zimachitira zinthu zosungidwa m'sutikesi kuno kwathu kwa chifunga. Anaisiya kuti ndiipukute.