Mwana akatupa atadya nshawa sanadyetsedwe, thamangani naye ku chipatala

Kwa makolo, ambuya olera adzukulu, aphunzitsi ndi amayi ogulitsa pa geti la sukulu muno mu Chipata ndi m'midzi yozungulira.

Ine wogwira ntchito ya chipatala ndalemba uthengawu chifukwa cha mphekesera imene yayenda masiku apitawa. Kamtsikana ka giredi 2 kanaluma chikanda cha mnzake pa bureki. Belu lisanalire milomo inali itatupa, zikope zitatseka maso, thupi lonse lili zidzolo zoyabwa. Anakatumiza kunyumba. Kumeneko anakamwetsa mkaka, kenako makala osinja, kenako madzi amchere kuti kasanze. Anafika nako ku kiliniki patatha maola awiri, mpweya ukulira ngati likhweru, mawu osatuluka. Kanapulumuka, koma panatsala pang'ono. Lero m'komboni akuti anakadyetsa, ndipo mayi amene anaphika chikandacho akumuloza zala.

Mwana uja sanadyetsedwe. Zinamuwenga ndi nshawa za m'chikandamo. Mnzake anadya chikanda chomwecho osamva kanthu.

Ndikudziwa kuti kuno kum'mawa nkhaniyi ndi yovuta kuikhulupirira. Nshawa zambiri za m'Zambia zimachokera kwathu kuno. Timalima Chalimbana, timalima MGV 4 ndi MGV 5, mbewu ziwiri zimene dzina lake ndi la ku Msekera komweku, kumalo ofufuzira zaulimi. Tinakula ndi phala la nsinjiro ndi nkhwani wotendera. Ndiye ambuya amandifunsa kuti, “Mwana wobadwira kuno angadane bwanji ndi nshawa?” Zimatheka ndithu, amayi. Mwa ana ena, asilikali a m'thupi amalakwitsa n'kuyesa chakudyachi ndi mdani. Chikangolowa amachita nkhondo, ndipo nkhondoyo ndiyo imatupitsa khungu, milomo ndi kukhosi. Si matenda opatsirana. Amakonda kugwira ana a chikanga komanso a m'mabanja amene muli mphumu. Mwana wa mphumu ndiye amakhala pangozi yaikulu zikam'chitikira.

Zizindikiro zimabwera msanga, kawirikawiri m'mphindi zochepa, mwina mpaka maola awiri atadya. M'kamwa mumayabwa, zidzolo zimatuluka, nkhope imatupa, mimba imapota, amasanza. Koma mukaona lilime latupa, mawu asasa, akutsokomola kosalekeza, akubanika, akulephera kumeza malovu, wafooka mwadzidzidzi kapena wakomoka, dziwani kuti njira ya mpweya ikutsekeka kapena magazi akutsika. Pamenepo mwana atha kufa m'mphindi zowerengeka.

Apa ndipo pamene timataya ana. Wina akuti tidikire atate ake abwere ku munda. Wina akuti tikaombeze kaye tidziwe wam'dyetsa ndani. Wina akusinja makala. Mkaka sutsegula kukhosi. Makala satsegula kukhosi. Kumusanzitsa kungam'tsamwitse. Ngakhale Piriton, amene ambiri mumasunga m'nyumba, amangochepetsa kuyabwa, sabweza kutupa kwa kukhosi. Mankhwala opulumutsa ndi nyeleti ya adrenaline imene timabaya pa ntchafu, ndipo imagwira bwino ikabayidwa msanga. Pezani njinga yamoto kapena galimoto, pitani ku kiliniki imene ili pafupi. Musaidumphe chifukwa chofuna Chipata Central, Mwami kapena St Francis ku Katete. Ngati pafunika kutumiza mwana, tidzam'tumiza ndife atalandira kale thandizo. Musamuyendetse wapansi, m'nyamuleni. Agone miyendo ili m'mwamba pang'ono. Ngati akubanika kwambiri akhale tsonga motsamira. Ngati akusanza kapena wakomoka m'gonekeni cham'mbali. Pofika nenani mawu awa pakhomo pomwe: “Watupa atadya nshawa, akulephera kupuma.” Musakhale pa mzere. Ndipo tikanena kuti atsale timuyang'anire, musaumirire zopita, pakuti kutupa kutha kubwerera patapita maola angapo.

Pali chizolowezi china chimene chimandiopsa kwambiri, chom'patsa pang'onopang'ono kuti azolowere. Ambuya, ndikupemphani, musatero. Ndikudziwa mumachita mwachikondi, mukufuna mdzukulu adye zimene anzake akudya. Koma kanthongo kamodzi n'kokwanira. Kuti ulendo watha anangotuluka zidzolo sizitanthauza kuti ulendo uno zikhalanso zochepa. Kukazinga, kuwiritsa kapena kusinja sikuchotsa chimene chimamuwenga. Pa ana asanu odana ndi nshawa, pafupifupi mmodzi yekha ndiye zimam'thera akamakula, ndipo wonena kuti zatha ndi dokotala, osati kuyesera pakhomo.

Nanga kamba wa ku sukulu tim'patse chiyani? Za m'munda mwathu n'zokwanira, simufunika kugula zodula. Kandolo wowiritsa kapena wootcha amakhalitsa m'mimba, makamaka wofiira m'kati amene ali ndi vitamini A. Chimanga chophika, dzungu, chinangwa chophika bwino, mbuliuli zokazinga nokha. Dzira limodzi lowiritsa ndi nthochi zimam'fikitsa mwana masana asanayambe kusinza m'kalasi, malinga ngati mazira samuwenganso. Pa buledi, m'malo mwa chimponde, pakani kotapela wothira kamchere. Chigumu cha nthochi chophika madzulo chimafika bwino m'mawa. Zipatso tsatani nyengo: masuku ndi mango mvula ikayamba, magwafa ikamatha, malalanje ndi nzimbe m'nyengo yozizira. Botolo la madzi lisasowe m'chola. Nyemba, nandolo ndi nzama ana ambiri odana ndi nshawa amadya popanda vuto, koma ngati sanadyepo, tifunseni kaye.

Chovuta si kupeza chakudya ayi, koma nshawa zobisala. M'chikanda zilimo. M'futali zilimo. M'ndiwo zotendera za dzulo, m'phala la nsinjiro, m'maswiti ndi mabisiketi ena zilimo. Mtondo umene mwasinjira nsinjiro musasinjiremo za mwanayo musanautsuke ndi sopo. Mthiko wovundulira ndiwo zotendera usalowe mumphika wake, ndipo mpeni wopakira chimponde usakhudze buledi wake. Mafuta a nshawa oyenga pamudzi ndi oopsa kwa iye. A mpendadzuwa ndi abwino, koma funsani ngati makinawo sayengeranso nshawa. Mukagula za m'paketi ku Kapata kapena ku Saturday Market, tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Mukaona mawu akuti peanuts, groundnuts kapena may contain nuts, bwezerani pamalo pake. Vitumbuwa vya pa geti, ngati simudziwa mafuta ake ndi manja amene avigwira, mwana wotereyu asadye.

Aphunzitsi, ana athu tinawaphunzitsa kugawana, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma m'kalasi mmene muli mwana wotere, afotokozereni anzake momveka kuti kum'gawira ndi kum'pweteka, ndipo kukana kwake si kunyada. Onse asambe m'manja ndi sopo akatha kudya. Sanitaiza sachotsa mafuta a nshawa. Makolo a m'kalasimo mukapemphedwa kuti chimponde ndi nshawa zokazinga zitsale kunyumba, musaone ngati akukunyozani. Mwana wanu adzazidya akaweruka. Ndipo mwana akatupa pa sukulu, musam'tumize kunyumba yekha kapena ndi mnzake monga zinachitikira kamtsikana kaja. Mphunzitsi mmodzi apite naye ku kiliniki, wina aimbire makolo akakumane komweko.

Ndisamveke molakwa. Kwa ana ambiri nshawa ndi chakudya chomanga thupi, ndipo phala la nsinjiro kuyambira miyezi 6 timalimbikitsabe. Musawamane chifukwa cha uthengawu. Kungoti nshawa zathunthu musapatse ana osakwana zaka 5 chifukwa zimatsamwitsa, ndipo khanda la chikanga chachikulu mubwere nalo tikambirane musanaliyambitse nsinjiro.

Ngati mwana wanu anatupapo milomo kapena kutuluka zidzolo atadya nshawa, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale zinatha zokha, ngakhale anakuuzani kuti anadyetsedwa, bwerani naye sabata ino pamodzi ndi khadi lake la ku chipatala. Tidzalembamo, ndipo mukauze ahedi ndi mphunzitsi wa kalasi yake pamaso, musangotuma mwana. Asiyireni nambala ziwiri za foni, yanu ndi ya munthu wa njinga yamoto amene amayankha nthawi yomweyo.