Pamene lonjezo la mlangizi limathera

"Zimene ndikuuzenizi zithere mommuno." Anthu ambiri amayamba ndi mawu amenewa akangokhala pansi m'chipinda cha uphungu, ena maso ali kuchitseko kuona ngati chatsekeka bwino. Ine sindifulumira kuvomera. Ndimati, "Musanayambe, ndikuuzeni kaye pamene lonjezo langa limathera. Mukandiuza kuti mukufuna kudzipha, kuvulaza munthu wina, kapena kuti pali mwana amene akuzunzidwa, sindidzakhala chete."

Ena nkhope imagwa. Ndimawamvetsa, chifukwa uphungu wopanda chinsinsi ndi macheza chabe. Katswiri wa ku America, Carl Rogers, analemba mu 1957 kuti munthu amasintha akapeza mlangizi womumvetsa, womulandira osamuweruza, komanso wosachita zachiphamaso. Ndani angatulutse zakukhosi kwa munthu amene mawa akazilengeza? Koma mfundo yachitatuyo, yosachita zachiphamaso, ndi imene imandiletsa kulonjeza chimene sindingasunge.

Malirewa ali ndi mbiri yake yowawa. Mu 1969, wophunzira wina wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, Prosenjit Poddar, anauza katswiri wa zamaganizo amene ankamuthandiza, Lawrence Moore, kuti akufuna kupha mtsikana wina. Moore sanakhale chete: anadziwitsa apolisi a pasukulupo. Apolisiwo anamufunsa Poddar mafunso, nkumumasula atalonjeza kuti mtsikanayo amutalikira. Palibe amene anachenjeza mtsikanayo, Tatiana Tarasoff, kapena makolo ake. Mu Okutobala chaka chomwecho Poddar anamupha. Makolo anasuma, ndipo mu 1976 khoti lalikulu la California linagamula kuti wothandiza odwala maganizo ali ndi udindo woteteza munthu amene ali pachiopsezo chotere. Lamulolo ndi la kumeneko, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma funso lake linafalikira m'maphunziro a uphungu kutali kwambiri.

Pamapepala nkhaniyi imaoneka yophweka. Pampando wa mlangizi si choncho. Munthu wopwetekedwa mtima amatha kunena kuti, "Ameneyo ndikamuona ndimupha," koma akungotula mkwiyo. Ndikathamangira kukanena aliyense wolankhula motere, anthu adzaphunzira kubisa, ndipo woopsa weniweniyo adzatuluka m'chipindamo ndi maganizo ake osakhudzidwa. Ndikanyalanyaza, tsiku lina ndidzamva za maliro. Palibe mlangizi amene amaona zam'tsogolo, ngakhale atakhala pantchito zaka zingati.

Choncho ndimafunsa, ndipo ndimafunsa mosapsatira. Mukunena ndani? Mwaganiza liti? Muli ndi chiyani choti muchitire zimenezo? Munayamba mwayesapo? Anthu amaopa kuti kufunsa munthu za kudzipha kumamupatsa maganizowo, koma kafukufuku sasonyeza zimenezo. Kawirikawiri amene wafunsidwa amapumira m'mwamba kuti wina watchula chimene iye ankalephera kutchula. Mayankho akakhala ndi dzina, tsiku ndi chida, ndimadziwa kuti nthawi yosunga chinsinsi yatha.

Ngakhale apo, sindichita mozemba. Ndimamuuza mwiniwakeyo kuti ndikufuna kudziwitsa wakutiwakuti, ndipo ndimamupempha kuti tichitire limodzi. Ndimaulula chokhacho chimene chingapulumutse moyo, kwa okhawo amene angateteze. Zina zonse, za ukwati wake, ngongole zake, manyazi a ubwana wake, zimatsala mommo. Ndisanatero ndimakambirana ndi mlangizi wondiyang'anira, osatchula dzina ngati nkotheka, poti mutu umodzi susenza denga.

Komabe ndinene chilungamo: zinsinsi zambiri sizitayika pa nkhani zazikulu ngati ya Tarasoff. Zimatayika mwaulesi. Fayilo yasiyidwa patebulo yotsegula. Uthenga wa pafoni watumizidwa kwa mayi amene tikumuthandiza, koma amene wawerenga ndi mwamuna wake. Mlangizi akucheza ndi anzake nkuyamba, "Lero kunabwera mayi wina," dzina osatchula, koma ntchito ya mayiyo, ana ake ndi vuto lake zonse wafotokoza, womvera nkumuzindikira.

Ngakhale moni weniweniwu amaulula. Pa tsiku loyamba ndimauza aliyense kuti tikakumana panjira sindidzayamba kumulonjera, poopa kuti amene ali naye angafunse kuti timadziwana bwanji. Akandipatsa moni ndimayankha. Akayang'ana kumbali, nanenso ndimadutsa.