Yunivesite Ikamaphunzitsa za Ntchito Yabwino, Isaiwale Alonda Ake

Mu 1999 mkulu wa bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, Juan Somavía, anakhazikitsa mfundo yakuti kungopeza ntchito sikokwanira. Ntchitoyo iyenera kumulemekeza munthu: malipiro oti n'kudyetsa banja, ufulu wolowa bungwe la apantchito, thandizo akadwala kapena akakalamba, ndiponso mwayi wokhala pansi ndi abwana n'kukambirana. Mu 2015 mayiko a mu United Nations anaika mfundoyi pa nambala 8 mwa zolinga 17 zoti zikwaniritsidwe pofika 2030, ndipo mayunivesite ambiri anayamba kutuluka m'makalasi kukaifikitsa kwa anthu wamba.

Pa zonse zimene amachita, ine ndimayamikira kwambiri maofesi othandiza anthu pa zamalamulo kwaulere, momwe ophunzira zamalamulo amamva madandaulo a antchito moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Mayi amabwera atachotsedwa ntchito popanda notisi. Wophunzira amamufunsa modekha kuti anayamba liti, ankalandira zingati, ndipo anasainira chiyani. Kawirikawiri palibe chimene anasainira. Zikatero amayamba kusonkhanitsa umboni: mauthenga a pafoni owauza nthawi yolowera ntchito, malisiti a ndalama zimene ankatumiziridwa mwezi ukatha, mnzawo amene angachitire umboni. Mayiyo amatuluka akudziwa kuti kusowa kwa kalata sikufafaniza ntchito imene anagwira. Anthu otere ndi ochuluka. Lipoti la ILO la 2018 linapeza kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni, oposa 60 mwa 100 alionse ogwira ntchito padziko, ali pa ntchito zosalembetsedwa.

Kafukufuku nayenso amathandiza, makamaka pa tsankho, limene olemba ntchito salivomereza. Akatswiri azachuma Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anatumiza makalata ofunsira ntchito ofanana kumakampani a ku Boston ndi ku Chicago, ku America, n'kumangosintha mayina. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2004 zinaonetsa kuti mayina omveka achizungu ankaitanidwa kambiri, ndi theka lathunthu kuposa mayina omveka a anthu akuda.

Koma yunivesite nayo ndi bwana, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa. Amene amasesa holo ya msonkhano wa ufulu wa antchito m'bandakucha, ndi mlonda amene amatsegula geti, nthawi zambiri salembedwa ndi yunivesite. Amalembedwa ndi kampani ina imene inapambana kontirakiti chifukwa chotchipa, ndipo kutchipako kumachokera m'thumba la wantchito: malipiro ochepa, penshoni palibe, akadwala tsiku limenelo ladulidwa. Akadandaula, yunivesite imati si antchito ake, kampani imati ndalama imene imalandira ndi yomweyo.

Zimenezi zimatheka kusintha. Mu 2001 ophunzira a pa yunivesite ya Harvard ku America anakhala pansi m'nyumba ya maofesi a akuluakulu a sukuluyo kwa milungu itatu, kufuna kuti osesa, alonda ndi ophika azilandira zokwanira, ndipo pambuyo pake malipiro anakwezedwa. Mu 2006 yunivesite ya Queen Mary ya ku London inalonjeza malipiro okwanira kwa osesa ake. Kuyambira 2019, magazini ya zamaphunziro ya Times Higher Education ikamasanja mayunivesite potsata zolinga 17 zija, imaonanso mmene sukulu imasamalirira antchito ake omwe.

Palinso nkhani ya ophunzira amene amatumizidwa kumakampani kukaphunzira ntchito popanda malipiro. Mwana wa banja lopeza amatha miyezi ingapo akudya za makolo, pamene wa banja losauka amasiya mwayiwo chifukwa alibe ya thiransipoti. Yunivesite ili ndi mphamvu yokana kutumiza ophunzira ake kukampani yosalipira, ndipo iyenera kuigwiritsa ntchito, chifukwa makampaniwo amawafuna ophunzirawo.