Baga yosawola ija si ya pulasitiki

Mwina munaionapo vidiyo ija imazungulira pa WhatsApp, wina wasunga baga ndi tchipisi kwa zaka koma sizinawole, ndiye akuti muli pulasitiki, ena mpaka akuti mankhwala oumitsira maliro. Bodza limenelo abale.

Chuku ndi tizilombo towoletsa chakudya timafuna chinyezi kuti tikule. Nyama ya baga imakhala yopyapyala, yootchedwa, yothira mchere, ndiye mukaisiya poyera imauma gwa chuku chisanagwire, olo mutapanga nokha kunyumba yopyapyala chimodzimodzi imangoumanso osawola. Tayesani kuimanga mu jumbo chinyezi chisatuluke muone, pakatha masiku mupeza yachita chuku.

Koma musati ndiye tizingodya mmene tafunira ayi. Vuto lenileni ndi mchere, shuga ndi mafuta ochuluka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asamafike magalamu 5 a mchere patsiku, pomwe baga, tchipisi ndi sosi wake zimatha kukufikitsani pafupi pamenepo pa kudya kamodzi kokha. Zikakhala za tsiku ndi tsiku, kutsitsira ndi chakumwa chotsekemera, ndi mmene BP, kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga zimayambira.