Chipinda chimodzi: feng shui imayambira pamene mwaika bedi

Anthu ambiri amene amandiitana kuti ndikawakonzere m'nyumba si a nyumba zikuluzikulu za mpanda. Ndi a chipinda chimodzi cha lendi, momwe mogona, mophikira, molandirira alendo ndi mosungira katundu ndi momwemo. Masiku ano ena amandilandira foni ili m'manja, kundionetsa kavidiyo ka feng shui, luso la Atchaina la kaikidwe ka nyumba ndi katundu wake, konena kuti akagula kachule kagolide n'kukaika pakhomo, ndalama ziyamba kulowa. Ndimawapempha kuti ayambe asunga ndalama yawoyo. Mu feng shui muli nzeru yothandizadi m'chipinda chopanikiza, koma nzeruyo siigulidwa m'sitolo. Imayambira pa funso lakuti bedi lili pati, chitseko chili pati.

Mawu akuti feng shui ndi a Chitchaina, ndipo amatanthauza mphepo ndi madzi. Kalelo luso limeneli linali losankhira malo a manda ndi omangapo mudzi. Buku lakale lonena za kuika maliro, lomwe amati analemba ndi katswiri wa ku China, Guo Pu, amene anamwalira m'chaka cha 324, limafotokoza kuti qi, mphamvu ya moyo imene Atchaina amakhulupirira kuti imayenda m'dziko ndi m'thupi, imamwazika ndi mphepo koma imaima ikafika pamadzi. Malo abwino tsono ndi okhala ndi phiri kumbuyo lotchinga mphepo, kutsogolo kuli poyera, madzi akudutsa. Nyumba yachifumu ya ku Beijing, Forbidden City, yomwe inamalizidwa mu 1420, inamangidwa motero: inayang'ana kummwera, kutsogolo kuli kamtsinje, ndipo kumbuyo kuli phiri la Jingshan lomwe anthu anachita kuunjika ndi dothi lokumbidwa m'ngalande zozungulira nyumbayo. Ine sindilonjeza munthu mwayi kapena banja chifukwa chosuntha kabati. Chimene ndachiona kambirimbiri n'chakuti munthu amapuma bwino kumsana kwake kukakhala cholimba, maso ake akuona polowera.

M'chipinda, phiri lija ndi khoma. Kumutu kwa bedi kutsamire khoma lenileni, osati zenera. Mukagona muzitha kuona chitseko popanda kudzuka kapena kupotoza khosi, koma mapazi asalunjike pakhomo penipeni. Atchaina amakana kagonedwe kameneko chifukwa kamawakumbutsa maliro, pakuti womwalira amamutulutsa mapazi ali patsogolo. Ngakhale musakhulupirire zimenezo, taganizani: mphepo yozizira yolowera pansi pa chitseko imafikira pa inu, kuwala kwa babu lapakhonde kumakulasani m'maso, ndipo mwana wa eni nyumba akangokankha chitseko wakuonani muli gone. Nthawi zambiri malo oyenera amakhala pangodya ya kutali, yopingasana ndi khomo.

Ndikukumbukira mayi wina, namwino, amene ankachita lendi chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali ku Zingwangwa. Bedi lake, la masentimita pafupifupi 137 kwa 190, linali kuseri kwa chitseko, moti chitsekocho chinkatseguka theka n'kugunda phazi la bedi. Pamalo ogundawo penti anali atachoka, thabwa likuoneka. Polowa ndi ndowa ya madzi ankachita kupendekeka. Wodirobu anali atatseka theka la zenera, ndipo mpando wokhawo umene anali nawo unali utasanduka pounjikira zovala. Anandiuza kuti akachokera ku ntchito ya usiku tulo sitibwera, aliyense wodutsa pakhonde amamudzidzimutsa. Ndinati, "Achemwali, musagule chilichonse kaye. Tipeze anyamata awiri otithandiza kunyamula." Bedi tinalipititsa pangodya ya kutali, wodirobu tinamuimika pakhoma la mbali ya chitseko, zenera lonse n'kukhala poyera. Zimene anagula ndi waya wa katani ndi zitenje ziwiri zochindikala zotchinga dzuwa masana, basi.

Akatswiri a feng shui amati khomo ndi pakamwa pa nyumba, polowera qi. Ife okonza m'nyumba timangoti ndi poyambira njira. Chitseko chizitseguka chonse, ndipo kuchokera pakhomo kukafika pabedi, pazenera ndi pophikira pakhale kanjira kosachepera masentimita 60. Mulu wa nsapato pakhomo ndi majekete khumi olendewera kuseri kwa chitseko ndi zimene zimayamba kudya njirayo. Katundu wamtali, monga wodirobu, aime kukhoma limene simuliona poyamba mukamalowa. Wamfupi ndiye akhale pafupi ndi zenera.

Pali mfundo ina imene ndimaikana poyera. Malangizo ambiri amati khomo likayang'anizana ndi zenera, qi imangodutsa osakhala, ndiye muikepo chotchinga pakati. M'mwezi wa Okutobala, pansi pa malata opanda siling'i, kamphepo kodutsa kameneko ndiye moyo wanu. Katani yopepuka ndi yokwanira; musaimikepo kabati.

Chimodzimodzinso nkhani ya mbali za dziko. Atchaina amakonda nyumba yoyang'ana kummwera chifukwa dziko lawo lili kumpoto kwa equator: dzuwa la nyengo yozizira limawafikira kuchokera kummwera, ndipo mphepo yachisanu imachokera kumpoto. Kwa amene ali ku Lilongwe, Chipata, Harare kapena Johannesburg zinthu n'zotembenuka. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto, pomwe mwera ndi chiperoni kuno kwathu zimachokera cha kummwera chakum'mawa. Zenera loyang'ana kumpoto ndilo lofunda m'nyengo yozizira, ndipo pamenepo mpamene muyenera kuika mpando kapena tebulo lanu. Amene ali ku London kapena Manchester akhoza kutsata malangizo a Atchainawo momwe alili. Palinso mapu otchedwa bagua ogawa nyumba m'zigawo za chuma, chikondi, ntchito ndi zina. Ogawa kuyambira pakhomo anatchuka ku America m'zaka za m'ma 1980 kudzera mwa mphunzitsi wa feng shui wotchedwa Lin Yun. M'chipinda cha namwino uja chigawo chilichonse chikanangokhala ngati kamkeka, ndiye ine sindiwagwiritsa ntchito.

Pa zinthu zisanu zimene Atchaina amati zimapanga chilengedwe, mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi, ziwiri zimandikhudza tsiku lililonse: moto ndi madzi zisagundane. Hotipuleti isakhale pafupi ndi ndowa, ndipo waya wamagetsi asadutse pansi pamene pamadontha madzi. Pakati pake ikanipo kashelefu ka mbale. Moto ukhalenso kutali ndi bedi, neti ya udzudzu ndi katani. Za mbaula ndilankhula mosabisa: musagone nayo m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire bwanji. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndiponso wosanunkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Phikirani panja, mulowetse chakudya chokha.

Galasi lalikulu limakulitsa chipinda m'maso, koma feng shui imaletsa kuliyang'anitsa pabedi. Ndimagwirizana nazo. Kudzuka pakati pa usiku n'kuona chinthu chikusuntha mumdima kumathamangitsa mtima, ngakhale chinthucho ndi inu nomwe. Lipachikeni pakhoma la m'mbali mwa zenera kuti lizitenga kuwala n'kukuponya mkati, kapena kumbali kwa wodirobu kumene simukuona mukagona.

Ngati mumagwirira ntchito kapena kuwerengera momwemo, lekanitsani pogona ndi pogwirira ntchito ndi shelefu yofika m'chiuno, yopanda thabwa kumbuyo kuti kuwala kuzidutsa. Kalipentala aliyense akhoza kukupangirani. Pokhala patebulo, msana usaloze kukhomo. Zikakanika, kagalasi kakang'ono patebulopo kamakuonetsani amene akulowa.

Lamulo limene pafupifupi aliyense wa chipinda chimodzi amaliphwanya ndi lakuti pansi pa bedi pazikhala popanda kanthu. Sindingauze munthu wokhala m'chipinda cha mamita 3 kwa 4 kuti ataye malo aakulu chotero. Chimene ndimapempha n'chakuti kumeneko kupite zofewa ndi zoyera zokha, mabulangete a nyengo yozizira, mashiti ndi zovala, zili m'sutikesi kapena m'mabokosi otseka amene mungawakoke ndi dzanja limodzi posesa. Thumba la ufa, mapoto, nsapato zamatope ndi wailesi yakufa zisapiteko, chifukwa zimaitana mphemvu ndi makoswe, ndipo udzudzu umakonda mdima wa pakati pa katundu. Musiyenso mpata wa chikhato chimodzi pakati pa mabokosiwo ndi matabwa a bedi kuti matilesi azipitidwa mphepo. Kwa namwino uja tinatulutsako makatoni anayi. Atatu anali a zinthu zimene sanazigwirepo chilowereni m'chipindacho, ndipo anazitumiza kumudzi Loweruka lomwelo.